A Misomali Anafera Mbali Iti?

Malire a mayiko awiriwo anali mzere wa penti wachikasu wodutsa pakati pa msewu. Panalibe mpanda, panalibe msilikali, ngakhale galu woti auwe. Anthu a kuno ndi a uko ankakwatirana, ankabwerekana mchere, n'kumanyozana mwaulemu m'mawa uliwonse. Kumapeto kwa msewu mzerewo unkakhota ngati munthu wochokera ku mowa, n'kulowa m'sitolo ya zitsulo ya a Misomali, kudutsa pansi pakati pa kauntala ndi mashelefu a kumbuyo. Khomo la kumaso linali m'dziko la kuno, la kuseri m'dziko la uko.

Sajeni anali atatha zaka makumi awiri papolisi ya kuno, ndipo milandu yake yonse inali yachibwana: mbuzi yowoloka popanda kalata, mtengo wa mango umene mizu yake inali kuno koma zipatso zikugwera uko, madzi a mvula amene boma lina linkadandaula kuti akuchokera kwa linzake. Mayiyu anali atatopa nawo anthu a mumsewuwo, ndipo sankabisa. Koma Lachiwiri limenelo masana, atalowa m'sitolomo, anapeza mlandu weniweni utagona chagada pasimenti.

A Misomali anali mbali ya uko, pafupi kwambiri ndi mzere, mutu kuloza ku khomo la kuseri, miyendo kuloza kuno. Kunkhongo kwawo kunali bala.

"Imani pomwepo, mayi," anatero Inspekitala wa polisi ya uko. Anthu ankamutchula Chidindo chifukwa ankayenda nacho m'thumba, ndipo chinthu chopanda chidindo chake sankachiwerengera, kaya ndi mwana wobadwa kaya ndi mvula. "Mtembo uli m'dziko lathu. Mlandu ndi wathu."

Nkhope yake inali kuwala. Munthu wafa, iye akuona nyenyezi ina paphewa.

Lamulo lakale linkati wapolisi wovala chipewa asawoloke mzere popanda kalata ya ku likulu. Za wapolisi wosavala chipewa lamulolo silinanene kanthu. Sajeni anavula chipewa, anachiika pakauntala, n'kudumpha mzerewo monga ankachitira aliyense mumsewumo, pakuti palibe ankauponda. Kenako anagwada pambali pa mtembo.

Pansi pa nsapato za malemu panali poyera. Koma kumbuyo, pazidendene zonse ziwiri, panali penti wachikasu, ndipo pamzerepo panali timikwasa tiwiri tofufutika moyandikana. Pachifuwa pa malaya awo oyera panali timatsitsi takuda, tating'onoting'ono, ngati tsabola wowazidwa. A Misomali anali ndi dazi loti ntchentche inkaterereka ikaterapo.

"Wopalamula tamugwira kale," anatero Chidindo. "Mwana wawo wamkazi. Tamupeza atawakumbatira, magazi ali m'manja."

"Munthu akapeza bambo ake atagwa, mumafuna awagwire ndi chiyani, bwana? Ndi supuni?"

"Akanene zimenezo ku likulu. Galimoto ibwera kudzamutenga folo koloko."

Sajeni ankadziwa za ku likulu la uko. Munthu ankapita tsitsi lili lakuda, n'kudzamva tsiku la mlandu wake imvi zili mbuu.

"Folo yanu kapena yathu?"

"Ine ndimadziwa folo imodzi basi."

Mawotchi a uko ankatsogola ndi ola lathunthu, poti maboma awiriwo analephera kugwirizana ngakhale za dzuwa. Folo ya Chidindo inali fili ya kuno. Sajeni anayang'ana padzanja lake. Wani koloko inali itakwana kale.

* * *

Zenera la chitokosi cha uko linkayang'ana mumsewu, moti Sajeni anatha kufunsa mafunso ali chiimire m'dziko lake. Mwana wamkazi wa a Misomali anagwira zitsulo za pazenerapo. Anali mayi wa zaka zopitirira makumi atatu, wamanja okhakhala ndi ntchito yonyamula malata, amene anakana amuna awiri kuti asamale bambo ake. Sanali kulira. Maso ake anali ouma, ndipo Sajeni anamumvera chisoni, chinthu chimene sichinkamuchitikira kawirikawiri.

"Ndinachoka hafu pasiti naini yathu," anatero. "Ndinapita kuchipatala kukawatengera mapiritsi a mtima. Pamzere ndinakhalitsa. Khadi analidinda teni itadutsa ndi mphindi makumi awiri. Pofika kusitolo inali leveni, ndipo ndinawapeza chomwecho."

"Khadilo lili kuti?"

"Ndinawaonetsa a Inspekitala. Akuti chidindo cha chipatala cha kuno sichigwira ntchito kwawo."

Sajeni anatsonya.

"Mayi," anatero mkaidiyo motsitsa mawu, "bambo anga sakanapita okha kumene kuja. Zaka zitatu tsopano sanawolokepo mzere uja. Katundu wa m'mashelefu a kumbuyo ndimakatenga ndine. Ngakhale chimbudzi chathu chili kuseri, iwo ankapita kukapempha cha oyandikana nawo."

Chifukwa chake Sajeni ankachidziwa, monga ankachidziwira aliyense mumsewumo. Lamulo la uko linkati munthu akafera panthaka yawo, katundu wake yense amagwa m'manja mwa mwana wamwamuna wamkulu. Lamulo la kuno linkatsata wilu. N'chifukwa chake nkhalamba za mumsewuwo zikayamba kutsokomola, ana ankakanganirana kumene aike bedi, ndipo panali agogo ena amene anawakankha pawilibala kanayi sabata imodzi asanatsirizike. Anthu ake anali omwewo amene Lamlungu ankaimba mokweza kuposa onse.

"Wilu analemba?"

"Analemba. Sitolo anandisiyira ine."

"Nanga mwana wamwamuna wamkulu?"

"Ndi achimwene anga a kwa mayi ena. Aja amavala tayi aja."

* * *

Sajeni anamupeza wopenta mzere atakhala pachitini chake pansi pa khonde, akutsuka bulashi ndi nkhope ya munthu amene dziko lonse linamulakwira. Makhonsolo awiriwo ankasinthana chaka popenta mzere, ndipo chaka chino inali nthawi ya khonsolo ya uko.

"Ine musandilowetse m'zinthu, mayi," anayamba asanafunsidwe. "Ine ndine wa bulashi. Chaka chatha anzanu a kuno anaukhotetsa mzerewu dala, anatidyera chala chathunthu pa khomo la telala. Ndiye ine ndiwongole, ine ndemwe nditukwanidwe. Ine ndine ndani?"

"M'sitolo ya a Misomali munapenta nthawi yanji?"

"Ndinamaliza leveni yeniyeni. Belu la kusukulu kwathu linalira ndikutseka chitini."

"Leveni yanu."

"Nanga ine ndingayendere yanu?"

Ndiye kuti teni ya kuno. Sajeni analemba m'kabuku.

"Mwini sitolo anali moyo?"

"Moyo wake wochuluka zedi. Ali pampando wawo kuseri kwa kauntala, akundinena kuti mzere wanga ukuoneka ngati njira ya nkhono. Ndinawauza kuti abwere adzaone pafupi. Anati, ukandiona tsidya limenelo udziwe kuti andinyamula."

Sajeni anasiya kulemba, n'kumuyang'ana.

"Penti wanuyo amauma nthawi yaitali bwanji?"

Wopenta anayang'ana uku ndi uku. "Wa boma weniweni amatenga maola awiri. Koma uyu, mukudziwa mabwana athu, theka amapita nalo kunyumba zawo, ife n'kumathira petulo kuti akwane. Ameneyu theka la ola wauma gwa."

Choncho a Misomali anakokedwa kudutsa mzere pakati pa teni ndi hafu pasiti teni, nthawi ya kuno, mwana wawo wamkazi ali pabenchi kuchipatala. Zinali zomveka kwa aliyense wokhala ndi mutu. Vuto linali lakuti womvetserayo anali Chidindo, ndipo iye sakanamasula mkaidi m'modzi asanamupatse wina m'manja.

* * *

Tayi, monga anthu ankamutchulira mchimweneyo, anali ndi kaofesi mbali ya uko, kodzaziramo anthu mafomu a katundu wowoloka malire. Anatuluka n'kuima pakhomo, atavala jekete yakuda kale, ngati kuti anaisita dzulo. M'mutu munali mosalala, mometedwa kumene, ndipo mpango wopukutira misozi unali wouma ndiponso wopindidwa bwino.

"Ndi zomvetsa chisoni kwambiri, a Sajeni," anatero. "Ife monga banja takhumudwa. Mlongo wanga ndimamukonda, koma mtima wake ndi wapachala. Ndakhala ndikuwachenjeza madala."

"Munawaona liti komaliza?"

"Mwezi watha. Sitinkagwirizana pa mfundo zina, koma ulemu unalipo."

"Lero m'mawa, kuyambira teni mpaka hafu pasiti teni ya kuno, munali kuti?"

Anamwetulira ngati munthu amene wafunsidwa funso limene analoweza. "Ndinali m'dziko lanu lomwe, a Sajeni. Kwa wometa. Ndinalowa teni, ndinatuluka leveni. Kafunseni, ndi nzika yanu, si yathu ayi."

Sajeni anamuyang'ana pakolala. Panali timatsitsi takuda tating'onoting'ono. Koma tsitsi lili m'mutu mwa aliyense, ndipo ngati wometa akanavomereza nthawiyo, munthuyu anali pampando, nsalu ili m'khosi, pamene bambo ake ankakokedwa. Wotchi ya padzanja inati thu koloko. Ola limodzi linatsala.

* * *

Wometa anali munthu woti ukamufunsa njira amayambira pa kubadwa kwa agogo ake.

"Eee, mayi Sajeni, lowani, lowani, malo ndi anu. Zoopsa zimene zachitikazi. Ine a Misomali sindinawametepo, nanga ndikanameta chiyani, koma ankandipatsa moni. Tayi? Anabwera, anabweradi. Amafuna ya m'mbali yotsika, pamwamba pongodula pang'ono, ndiye amayang'ana pagalasi ngati akukafunsira. Analowa teni, anatuluka leveni. Ndikulumbira pa mashini angawa."

"Mukutsimikiza?"

"Iye mwini anachita kundiuza kuti, m'bale, taona nthawi, leveni yakwana. Ndinayang'ana, inalidi leveni. Ine bodza ndi ine ndife adani."

Sajeni anabweza kabuku m'thumba. Anali atatsala pang'ono kutembenuka pamene maso ake anagwera pa wotchi yaikulu ya pakhoma, pamwamba pa galasi. Inkati fili koloko yadutsa ndi mphindi khumi. Anaganiza kuti galimoto yapita kale. Anayang'ana padzanja pake. Thu koloko yadutsa ndi mphindi khumi.

"Bambo, wotchi iyi ikuyendera dziko liti?"

Wometa anaseka mwamanyazi, akukanda m'khutu ndi chipeso. "Aa, imeneyo. Mukudziwa, makasitomala anga ambiri ndi a m'maofesi a uko. Amathawa ntchito kudzameta kuno poti mabwana awo sangawatsatire. Ndiye wotchi iyenera kuwauza nthawi yobwerera. Ndinaitsogoza kalekale, mpaka ine ndemwe ndinaiwala. Kunyumba akazi anga amadabwa kuti ndimafika msanga."

"Ndiye Tayi anatuluka muno teni ya kuno."

"Mukawerengera motero, eya."

"Mukatha kumeta mumawasasa anthu tsitsi la m'khosi?"

"Bulashi inasowa chaka chatha, mayi. Ndimangowauzira ndi pakamwa."

Sajeni anatuluka osatsanzika. Umboni wa munthu wosadziwa dziko la wotchi yake ndiwo unatsala pang'ono kutumiza mayi wosalakwa kundende.

* * *

Anawasonkhanitsa m'sitolo muja fili ya kuno itatsala mphindi makumi awiri. Mtembo unali pomwe paja, atauphimba ndi nsalu, chifukwa fomu youchotsera inali isanadindidwe. Chidindo anabwera ndi mkaidi wake, unyolo uli m'manja. Tayi analowera khomo la kuseri n'kuima mbali ya uko, patali ndi mzere. Sajeni anaima kuno, chipewa chili kumutu.

Anawaonetsa zidendene. Anawaonetsa timikwasa ta pamzere. Anakoka mpando wa a Misomali kuseri kwa kauntala, n'kuloza pakona yachitsulo ya kauntalayo pamene wina anapukuta mothamanga, magazi n'kutsalira m'mng'alu wa simenti. Kenako ananena za wopenta, za wotchi ya wometa, ndi za tsitsi lakuda pachifuwa cha munthu wadazi.

"Wowakoka anawagwira m'khwapa, atawerama," anatero. "Ndipo anali atangochoka kumene kometa."

Tayi anagwira kolala yake, kenako anachotsa dzanja msanga. Koma sanagwe nkhope. Anayang'ana mzere, anayang'ana chipewa cha Sajeni, n'kumwetulira pang'ono. Ankadziwa kuti mapepala opempha munthu kuchokera uko kubwera kuno ankatenga zaka ziwiri, ndipo nthawi zambiri ankadyedwa ndi chiswe panjira.

Sajeni anachita ngati watopa. Anatseka kabuku kake n'kutembenukira kwa Chidindo.

"Bwana, ine sindikunena kuti wina wapha munthu. Mkulu wodwala mtima wagwa, wamenya mutu pakauntala, wafa. Wina wapeza mtembo, wausuntha. Kusuntha mtembo ndi kamlandu kochepa, kolipira chindapusa n'kumapita. Chachikulu n'chakuti munthuyu anafera kuno. Dindani pepala kuti anafera kuno, mumasule mayiyu, wilu igwire ntchito yake. Sitolo ndi ya mwana wamkazi."

Chidindo anafwenthera. Nyenyezi ya paphewa inali kuuluka akuiona. Komabe pepala lofuna chidindo linali patsogolo pake, ndipo dzanja linapita lokha m'thumba.

"Taimani kaye, bwana," anatero Tayi.

Onse anamuyang'ana. Iye maso ake anali pa mashelefu, pa malata, pa matumba a simenti ounjikidwa mpaka kudenga.

"Pali cholakwika pa mfundo imeneyo. Madala sanafere tsidya limenelo ayi. Anafera kuno kwathu."

"Mtembo sufa kawiri," anatero Sajeni mosalabadira. "Dindani, bwana."

"Sunali mtembo." Mawu aulemu aja anayamba kung'ambika. "Chabwino, ndinabwera. Tinakambirana za wilu, anakwiya, anaimirira, ine ndinangowakankha pang'ono kuti akhale pansi. Anagwa. Ndinawakoka kuti ndipite nawo kwa dokotala wa kwathu, kudzera khomo ili. Koma powoloka mzerewu anali akupuma. Lembani zimenezo. Anali moyo ndithu, mpaka ankalankhula."

"Ankati chiyani?"

"Ankaitana uyu." Analoza mlongo wake ndi chibwano. "Ankangoti mwanawe, mwanawe, ndibwezere tsidya lija. Ndinaima pakhomo apa ndikumva. Ndiye musandiuze kuti anafera kwanu."

Panja njinga inadutsa ikuliza belu.

"Dokotala wa kwanu ali nyumba yachitatu kuchokera pakhomo limenelo," anatero Sajeni. "Munafikako?"

Apa m'pamene Tayi anamva zimene iye mwini ananena.

"Mwamva nokha, bwana," Sajeni anauza Chidindo. "Ndinalakwitsa ndine. Munthu anamukokera m'dziko lanu ali moyo, n'kuima pakhomo kudikira kuti atsirizike. Mlandu ndi wanudi. Ndipo wopalamula waima panthaka yanu, sipafunika kalata."

Nkhope ya Chidindo inawalanso. Anamasula unyolo m'manja mwa mlongo n'kuumanga m'manja mwa mchimwene, mwachangu chimene Sajeni anali asanachionepo mwa iye.

"Koma sitolo," anatero Tayi. "Lamulo lathu likuti mwana wamwamuna wamkulu."

"Wopha kholo salandira kanthu," anayankha Chidindo. "Ndime imeneyo ilipo kwathu."

"Kwathunso ilipo," anatero Sajeni. "Ndi chinthu chimodzi chokha chimene maboma athu anagwirizanapo."

Galimoto ya ku likulu inaliza hutala kuseri, itafika pa nthawi yake koyamba m'mbiri yake. Chidindo anatuluka naye Tayi.

Mwana wamkazi sanayang'ane mchimwene wake, sanayang'anenso sitolo imene tsopano inali yake. Anagwada pambali pa bambo ake n'kuvundukula nsalu kumaso. Misozi imene inakana kutuluka m'chitokosi inabwera tsopano, mwakachetechete, ikugwera pa malaya oyera aja. Anayamba kuchotsa timatsitsi tija pachifuwa, kamodzikamodzi.

Sajeni anamva manyazi. Msampha unali wake, ndipo unagwira bwino, koma mawu amene unatulutsa mwana wamkaziyu adzagona nawo ndi kudzuka nawo moyo wake wonse.

"Ndinali pabenchi," anatero mwana wamkazi, osadzutsa mutu. "Iwo akuitana, ine ndili pabenchi ndi khadi m'manja." Anapukuta m'maso ndi mkono. "Mayi, ndithandizeni. Anati ndiwabwezere."

Fomu yochotsera mtembo inali isanadindidwe, ndipo mwini chidindo anali panja akuuza dalaivala mmene anautulukira mlanduwo yekha. Sajeni anavula chipewa, anachiika pakauntala, n'kudumpha mzere.

"Inu gwirani kumutu," anatero. "Ine ndigwira miyendo. Tinyamule m'mwamba, zidendene zisakhudze pansi."